Phunziro 14: Dizilo Kapena Petulo?

Alimi a ku Angónia amalima mbatatesi, chimanga ndi nyemba. Zokolola zambiri amakagulitsa ku Tete. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete pali makilomita opitirira 200.

Gulu lathu la alimi lasonkha ndalama. Tikufuna galimoto yonyamula zokolola. Ndalamazi ndi thukuta la anthu onse. Tigule iti?

Galimoto ya petulo siidula kwambiri pogula. Kukonza kwake nkosavuta. Koma imamwa mafuta ambiri. Ndi yabwino pa maulendo aafupi.

Galimoto ya dizilo imadula pogula. Zipangizo zakenso nzodula. Koma imamwa mafuta ochepa. Pamene ya petulo yamwa malita 4, ya dizilo imamwa pafupifupi malita 3. Ili ndi mphamvu yokoka katundu wolemera pachitunda. Injini yake imakhalitsa.

Ulendo wathu ndi wautali, ndipo ndi wa sabata ndi sabata. Mafuta amene tipulumutsa adzabweza ndalama zimene tinaonjeza pogula. Choncho tisankhe dizilo.

Koma tisamale. Dizilo wa madzi kapena wa fumbi amaononga pampu. Tisagule mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Tisinthe oyilo ndi sefa pa nthawi yake. Tilembe m'buku malita ndi makilomita a ulendo uliwonse.

Mafunso
1. Ndi galimoto iti imamwa mafuta ochepa?
2. Nchiyani chimaononga pampu?
3. Kupita ku Tete ndi kubwerako ndi makilomita opitirira angati?

Tilembe: dizilo, petulo, lita, ulendo, katundu.