Khalani Pafupi ndi Aphunzitsi Anu a Zaluso

Mayina a osankhidwira ku mayunivesite a boma akatuluka, pamakhala ana ena amene chimwemwe chawo chimakhala chosakwanira. Ankafuna zamalamulo kapena zaudokotala, koma awapatsa zojambula, zisudzo, magule kapena mbiri yakale. Kunyumba amalume amafunsa kuti, "Ndiye zaka zinayi zonsezo ukangokhala ukuvina?" Ndikulembera inu, ana anga, amene mwafunsidwa funso limeneli, ndiponso inu amene munasankha nokha maphunzirowa mtima uli m'malo. Ndakhala nthawi yaitali pakati pa anthu ophunzitsa zinthu zimenezi, ndipo ndaona ophunzira akulandira digiri yofanana tsiku limodzi, wina ali ndi luso m'manja, wina ali ndi pepala lokha. Nzeru zobadwa nazo zinali zofanana. Anasiyana pa mmene aliyense anakhalira ndi aphunzitsi ake.

Lekichala wa zaluso sasunga nzeru zake m'manotsi. M'maphunziro ena mutha kujomba, n'kubwereka kope la mnzanu, n'kukhoza ndithu. Kuno sizitheka. Zimene mwadzera zili m'dzanja lake: mmene amagwirira burashi, mmene amabwerera m'mbuyo kuti aone chithunzi chonse asanachikhudzenso, mmene amadziwira pongokhudza kuti dongo lauma mokwanira kulowa m'ng'anjo. Mukamufunsa kuti afotokoze, mwina alephera, chifukwa iyenso anaziphunzira poonerera. Choncho muzipita ku situdiyo ngakhale pa nthawi imene palibe kalasi. Tsukani maburashi, kanyani dongo, nyamulani ng'oma, sonkhani moto woziwambira. Anzanu adzati mukudzigulitsa. Asiyeni. Mawu ofunika kwambiri amene mphunzitsi amalankhula amatuluka pa nthawi zoterezi, manja ali pa ntchito, osati ataima kutsogolo kwa kalasi.

Konzekerani kudzudzulidwa pamaso pa anzanu. Mudzachezera usiku wonse pa chithunzi, m'mawa n'kuchipachika pakhoma, iye n'kungoti phewa silikugwirizana ndi khosi, yambiraninso. Zimawawa, makamaka kwa inu amene kusekondale munali katswiri wa sukulu yonse, wojambula mapu ndi mafupa a munthu pabolodi. Musayankhe modziteteza. Funsani kuti akuonetseni pamene palakwika, muyang'ane mpaka mupaone nokha. Adzakuuzani kujambula dzanja la munthu kapena mtsuko womwewo kwa milungu ingapo, inu mukufuna kujambula nkhope za anthu otchuka kuti mugulitse. Akuphunzitsani kuona, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Chancellor College ku Zomba kunaphunzitsako akatswiri monga Berlings Kaunda ndi Kay Chiromo, anthu amene ankaphunzitsa uku nawonso akupanga ntchito zawozawo. Mphunzitsi wotere, amene akadali ndi utoto m'zikhadabo, akadzudzula mumvereni kawiri.

Pa za dizayini ndinena mwachidule. Kudziwa pulogalamu ya pakompyuta si kudziwa dizayini. Mphunzitsi wabwino adzakufunsani kuti chikwangwani chanu chochenjeza za kolera adzachiwerenga ndani, ataima patali bwanji, ndipo agogo osadziwa kuwerenga adzatolapo chiyani. Amene akuganiza kuti mitundu ndi mizere n'zokongoletsa chabe akumbukire mbendera yathu. Mu 2010 boma linachotsa dzuwa lofiira lotuluka lija, n'kuika dzuwa loyera lathunthu pakati. Anthu ambiri sanakondwe nazo, ndipo mu 2012 nyumba ya malamulo inabwezeretsa mbendera ya 1964. Dziko lonse linakangana pa kansalu ka mitundu yowerengeka, chifukwa anthu anaona kuti akhudza mbiri yawo.

Aphunzitsi a mbiri yakale adzakutopetsani ndi funso limodzi: wakuuzani ndani? Kusekondale munaloweza kuti John Chilembwe anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, ndipo munakhoza nazo. Ku koleji adzakutumizani ku National Archives ku Zomba, n'kukukumbutsani kuti mapepala ambiri onena za nkhondoyo analembedwa ndi boma lomwelo limene linaithetsa ndi mfuti, ndipo Amalawi amene mawu awo alimo ambiri analankhula ali ndi mantha. Kuwerenga pepala lotere n'kumva zimene wolembayo anabisa kapena sanamvetse ndi luso, ndipo simungalitole pa intaneti. Mumalitola pokhala ndi munthu amene wawerenga mafayilo otere kwa zaka zambiri, akukulozerani ndi chala kuti apa wolembayo akuteteza ntchito yake, apa womasulira wasintha mawu.

Adzakutumizaninso kumudzi. Mwambo umenewu unayamba kalekale ku Chancellor College, kumene ophunzira a mbiri ankapita kwawo pa tchuthi kukafunsa akuluakulu, n'kubwera kudzalemba zimene amva. Pulofesa Kings Phiri anamanga ntchito yake pa mbiri ya Achewa yosimbidwa pakamwa m'chigawo chapakati, ndipo Owen Kalinga anachita chimodzimodzi ndi ufumu wa Kyungu wa Angonde ku Karonga. Yusuf Juwayeyi anatsata zimene akuluakulu ankanena za likulu la Kalonga, nakakumba pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, ndipo anapeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Zimene ena ankaziyesa nthano zinatuluka m'nthaka. Mukapatsidwa asayimenti yotere musaipeputse, musailembere m'hositelo mongopeka. Pitani tchuthi chomwecho, chifukwa agogo amene mukuti mudzawafunsa chaka chamawa mwina simudzawapeza. Yambani mwaonekera kwa amfumu. Khalani pansi, musakhale pampando woposa wa amene mukumufunsa. Lembani dzina lake, mudzi ndi tsiku. Akanena zosiyana ndi za m'buku musamuwongole, ingolembani. Kenaka pitani kwa wamkulu wa mbumba ina, makamaka pa nkhani za ufumu, pakuti aliyense amasimba mokomera kwawo. Mukabwera nazo zonse ziwiri kwa mphunzitsi wanu, mpamene adzayambe kukuphunzitsani zenizeni.

Tsopano magule, amene amalume aja amawaseka. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu ndi vimbuza kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo tchopa wa Alhomwe analowa m'kaundula wake mu 2014. Kuti zifike pamenepo panafunika eni magulewo, komanso anthu amene anakhala nawo pansi, kumvetsera ndi kulemba mosamala. Boston Soko anathera zaka zambiri pa vimbuza. Chris Kamlongera ndi anzake anatulutsa buku lotchedwa Kubvina mu 1992, ndipo iye pamodzi ndi David Kerr ankatenga ophunzira a gulu la zisudzo la Travelling Theatre kupita nawo m'midzi kukachita zisudzo m'Chichewa pa nkhani za umoyo, anthu a m'mudzimo akulowerera m'seweromo. Njira imene mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito lero pophunzitsa anthu kudzera m'zisudzo ili ndi mizu yake pamenepo.

Mphunzitsi wa magule amene ndimamukhulupirira ndi amene amanena poyera kuti iye si mwini gule. Iye amakupatsani maso ndi mafunso. Adzakuuzani kuti beni, malipenga ndi mganda anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo mukadziwa zimenezi mudzamvetsa chifukwa chake ovina malipenga ku Nkhata Bay amavala zoyera zosita bwino, amaima mizere, ndiponso ali ndi maudindo onga a usilikali. Msana wanu udzawongoka wokha. Adzakuuzani kumvetsera mbalule, ng'oma imene woimba wake amayang'ana mapazi a wovina n'kumayankhana naye. Koma akafika polekezera adzakutumizani kubwalo, kwa anthu amene mwina sanafike sitandade 8 koma ndiwo mapulofesa a zimenezi. Kumeneko digiri yanu isiyeni m'chikwama. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo pali mafunso amene munthu wosalowa safunsa. Musajambule ndi foni musanapemphe kwa amfumu ndi akuluakulu a bwalo, ndipo chimene akulolani kuona si chimene akulolani kuika pa Facebook kapena TikTok. Wophunzira mmodzi akachita mwano, khomo limatsekekera onse obwera pambuyo pake, ndipo ubale umene mphunzitsi anaumanga ndi mudziwo kwa zaka zambiri umatha tsiku limodzi. Inu ochokera m'mabanja opemphera kwambiri, musaope. Kuphunzira za gule sikulowa gule, ndipo mphunzitsi wanzeru sadzakukakamizani kuchita zotsutsana ndi chikhulupiriro chanu. Pitani ku Mua mukaone Kungoni, malo amene anayambitsidwa mu 1976 ndi wansembe wa Katolika, bambo Claude Boucher, mukaone mmene munthu wa mpingo anasungira zigoba za gule mwaulemu.

Mudzazindikira msanga kuti maphunziro anayiwa ndi olumikizana, ngakhale amaphunzitsidwa m'zipinda zosiyana. Zojambula za pamiyala ku Chongoni ku Dedza, zimene UNESCO inazilemba mu 2006, wojambula amaziona ngati mizere ndi utoto, wa mbiri amafunsa za Akafula amene anajambula zofiira zija, wa magule amazindikira zinyau ndi zizindikiro za chinamwali m'zoyera zija. Ngati ndandanda ikulola, tengani kozi imodzi kwa mphunzitsi wa mbali ina.

Pali china chimene sindingachibise. Si aphunzitsi onse amene ali oyenera ulemu umene ndikunenawu. Maphunzirowa amachitika pafupi, m'situdiyo madzulo, pa maulendo ogona kutali, ndipo pa magule thupi limakhudzidwa powongola kaimidwe. Alipo ena amene amapezerapo mwayi, makamaka pa atsikana, n'kumaopseza ndi malikisi. Kukhala pafupi ndi mphunzitsi kumene ndikukulimbikitsani n'kwa pa ntchito, poyera, pali anzanu. Akayamba kukuitanirani kunyumba nokha kapena kutumiza mauthenga a usiku, sungani mauthengawo, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo kadandauleni ku ofesi yoona za ophunzira. Mlandu si wanu. Alipo enanso amene amatenga chithunzi, nyimbo kapena kafukufuku wa wophunzira n'kulembapo dzina lawo. Sainani ntchito zanu, zijambuleni, lembani tsiku.

Za ndalama musachite manyazi kufunsa. Funsani mphunzitsi wanu mmene amawerengera mtengo wa chithunzi, mmene amalembera mgwirizano ndi bungwe lofuna sewero, zimene bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso la COSOMA limateteza ndi zimene siliteteza. Aphunzitsi ambiri anapusitsidwapo kale ndi anthu olonjeza kulipira ntchito ikatha, ndipo adzakuuzani mosabisa kuti muzilandira gawo lina musanagule utoto. Ntchito zilipo m'masukulu, m'nyumba zosungiramo zakale, m'makampani osindikiza ndi otsatsa malonda, pa wailesi ndi pa kanema, koma kawirikawiri sizilengezedwa m'nyuzipepala. Wofuna munthu amaimbira foni lekichala n'kufunsa kuti muli ndi ndani. Iye amatchula dzina la amene anamuona akugwira ntchito.

Ndipo inu ochepa amene mudzafune kukhala aphunzitsi, kaya ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku MUST ku Thyolo kumene kuli sukulu ya zachikhalidwe, yambani ntchito imodzi mukadali ophunzira. Ambiri mwa amene anayambitsa maphunzirowa m'dziko muno anamwalira, ena anapuma ndipo akukalamba. M'maofesi ndi m'nyumba zawo muli matepi, zithunzi ndi makope a kafukufuku zimene chiswe ndi chinyezi zikudya. Pemphani chilolezo muzisanje, muzijambule, muzipereke ku laibulale. Pemphani tsiku loti mucheze nawo, muwafunse amene anawaphunzitsa iwowo, midzi imene anayenda ndi zimene anaona m'nthawi imene sewero lililonse linkayamba ladutsa ku Censorship Board lisanaonetsedwe, ndipo zonsezo muzilembe.