Ulendo wa Maphunziro m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Ambiri mwa ife tinapitapo pa ulendo wa sukulu tili ana. Timakumbukira nyimbo za m'basi ndi kamba amene tinatenga, koma zimene tinakaphunzira tinaiŵala kalekale. Posachedwa ndife amene tidzatsogolere maulendo otere, choncho tiyenera kudzifunsa: kodi ana adzabwerako ndi chiyani?

Ku Japan sukulu zambiri zimatengera ana ku Kyoto, mzinda umene unakhala likulu la mafumu kuyambira 794 kwa zaka zoposa 1,000. Kumeneko amaona akachisi akale, ndipo pafupi pomwepo, ku Uji, pali minda ya tiyi yotchuka. Anawo amaŵerenga za malowo asananyamuke, ndipo amalemba zimene aona akabwerako. Ife kuno tili ndi Thyolo, kumene kukongola kwa malo ndi mbiri ya anthu zili pamodzi.

Kukonzekera

Mphunzitsi ayambe wapitako yekha. Apemphe chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, kwa makolo ndi kwa oyang'anira esiteti, ndipo akaonekere kwa anyakwaŵa. Mlungu wa ulendo usanafike, ana ajambule mapu a njira, aŵagaŵe m'magulu, ndipo gulu lililonse likhale ndi mafunso ake atatu. Mwana wopanda funso amangoyang'ana, saona kanthu.

Malo oyendera

1. Mwala wa Mthunzi. Mwala umenewu uli m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo. Apaulendo akale ankauzungulira ndi kuugogoda ndi kamwala kuti ayende bwino. Anthu amasimba kuti okonza msewu atauchotsa, unabwerera pamalo pake. Apa tisamale lilime. Tikaseka kapena kunena kuti ndi zachikunja, mwana aphunzira kunyoza agogo ake. Tifunse chabe kuti: kodi munthu woyenda pansi m'nkhalango masiku amenewo ankaopa chiyani?

2. Munda wa tiyi. Tiyi anafika koyamba ku Mishoni ya Blantyre mu 1878, anabzalidwa m'minda ya ku Mulanje mu 1891, ndipo anafika ku Thyolo mu 1908. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo nyumba yake yakale, Huntingdon House, ikadalipo. Ana aone mmene wothyola tiyi amatengera masamba aŵiri ndi nsonga yake, naponya m'dengu la kumsana osacheuka. Ku fakitale aone masamba akufotetsedwa, akuperedwa, akusintha mtundu, kenaka akuumitsidwa. Apeze okha chifukwa chimene tiyi amakondera malo okwera a mvula yambiri.

3. Phiri la Thyolo. Kale linali ndi nkhalango yoŵirira, mmene munkakhala kambalame kosoŵa kamene ofufuza anakatcha dzina la boma lino, Thyolo alethe. Lero mbali yaikulu ya nkhalangoyo inadulidwa. Tisathamangire kunena kuti anthu ndi owononga. Ana afunse kuti anthuwo anali ndi malo ena olima kapena ayi.

4. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa. A Seventh-day Adventist anayamba ntchito pano mu 1902, pamalo amene poyamba ankatchedwa Plainfield. Sukulu ndi chipatala zake zimatipatsa mpata wokamba za mmene maphunziro ndi mankhwala achizungu anafikira kuno.

Chovuta chenicheni

M'kalasi mwathu mudzakhala ana amene makolo awo amathyola tiyi. Tikaima pamtunda n'kunena kuti, "Taonani munda wokongola umene azungu anabzala," tidzakhala titanena gawo limodzi lokha la zoona, ndipo mwana wa wothyola tiyi adzaŵerama. Anagwetsa mitengo ndi kukumba maenje ndani? Anali Amang'anja, eni dziko, ndi Alomwe amene anabwera ambiri kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ambiri anakhala pa malo a azungu pansi pa thangata, ndiye kuti kugwira ntchito m'munda wa mwini malo m'malo mwa lendi. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana anasanduka dzina la goli. Mkwiyo wa nkhani ya malo unabuka mu zipolowe za ku Thyolo mu Ogasiti 1953, ndipo thangata anathetsedwa ndi lamulo la 1962.

Sitikunena kuti tiphunzitse ana kuda minda ya tiyi. Tiyi amabweretsa ndalama zakunja ndipo amadyetsa mabanja ambiri. Tikunena kuti mwana aone kukongola, adziŵenso manja amene anakupanga. Njira yabwino ndiyo kupempha gogo wa m'mudzi kuti asimbe yekha, ana atakhala pansi mwaulemu. Ngati kungatheke, ulendo uthere pa bwalo ndi gule wa tchopa wa Alomwe, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2014.

Pobwerera m'kalasi

Ulendo sutha basi ikaima. M'maŵa mwake gulu lililonse lifotokoze mayankho ake. Ana alembe chimangirizo, ajambule zimene anaona, ndipo kalasi lonse lilembe kalata yothokoza amene anaŵalandira. Zaka zimene tatchulazi aziike pa mzere wa nthaŵi pakhoma.

Mafunso okambirana

(a) Mwana akafunsa ngati mwala unabwereradi pamalo pake, tidzamuyankha motani?

(b) Kodi tingakambe bwanji za thangata popanda kuchititsa manyazi mwana aliyense?

(c) Ngati ndalama za basi palibe, ndi malo ati a mbiri amene ana a sukulu ya kwathu angafikeko poyenda pansi?