Phunziro: Za Mabuku a Chipatala ndi Dzina la Munthu

Chiyambire Msonkhano wa ku Trento m'chaka cha 1563, Eklezia alamula ansembe kuti azilemba m'mabuku onse obatizidwa ndi onse omanga ukwati. Munthu akakwatira, mawuwo amatumizidwa ku parishi imene anabatizidwira, kuti alembedwe pafupi ndi dzina lake. Ntchito yotereyi, yolumikiza mabuku osiyana a munthu mmodzi, anthu ofufuza za umoyo aigwiranso. Halbert Dunn wa ku America anaifotokoza m'chaka cha 1946.

Taganizani za msodzi wa kwa Mwambo. Adwala ali m'chimbowera pa Chilwa, atsikira ku Kachulu, alandira mankhwala ku Pirimiti, kenaka atumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba. Kwina walembetsa dzina laubatizo, kwina la bambo wake, kwina la panyanja. Kabuku kake ka kuchipatala kananyowa kalekale. Wowerenga mabukuwo aona odwala atatu pamene pali mmodzi. Ndipo akakamwalirira kumudzi, palibe buku la chipatala lidziwa: mankhwala aja angayesedwe ochiritsa, chikhalirecho mwiniwake anaikidwa. Ichi ndicho choipitsitsa, pakuti Boma pogawa mankhwala ndi anamwino liyang'ana ziwerengero zomwezi.

Kolera itabuka m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe kumapeto kwa 2015, mabuku a odwala anasonyeza kuti ambiri anali asodzi. Nchifukwa chake katemera wa 2016 anawatsata mpaka panyanja. Kuyambira 2017 tili ndi chitupa cha unzika, ndipo nambala yake ingathe kumanga mabuku onse pamodzi, pokhapokha ilembedwe.

Ena aopa, nati: “Kodi matenda anga sadzamveka pamudzi?” Mantha awa si opusa. Wofufuza safunika kuona dzina. Limachotsedwa, pamatsala nambala. Woulula matenda a mnzake alakwira lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, ngakhale zimene wanenazo zili zoona.

Inu akatekisiti, Lamulungu likudzali kumbutsani makolo kuti mwana alembedwe ndi dzina limodzimodzi paubatizo, kuchipatala ndi pa chitupa cha kubadwa. Maliro akagwa, uzani amfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, ngakhale womwalirayo ndi khanda la masiku awiri.