Kusamutsa Mbiri ya Mwana Kuchoka pa Fomu Ina Kupita pa Ina: Phunziro la Dzanja ndi la Kompyuta

MAU OYAMBA

Ntchito ya mphunzitsi siithera pa bolodi. Pali kaundula wa ana oloŵa sukulu, rejisitala ya tsiku ndi tsiku, buku la malikisi, lipoti la kumapeto kwa teremu, kalata yosamutsira mwana ndiponso mafomu a mayeso a boma. M'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere m'Malaŵi muno, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ntchito yolemba idakula pamodzi nacho.

M'madera a mumzinda monga Chimwankhunda, Zingwangwa ndi Chilobwe ntchitoyi njochuluka koposa, popeza mabanja amasamuka kaŵirikaŵiri potsata ntchito kapena nyumba za lendi. Mwana amafika pakati pa teremu ndi kalata m'manja, ndipo mbiri yake iyenera kusamutsidwa kuchoka pa pepalalo kuloŵa m'mabuku a sukulu yatsopanoyo. Akafika Sitandade 8, mbiri yomweyo idzasamutsidwanso kupita ku mafomu a bungwe la mayeso la MANEB, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Cholakwika chimene chaloŵa panjira chingathe kutsata mwanayo mpaka pa satifiketi yake.

Akatswiri olemba mapologalamu a kompyuta amakumana ndi vuto lomweli tsiku ndi tsiku. M'phunziro lino tiona m'mene iwo amasamutsira zolembedwa pakati pa zinthu zosiyana mtundu, misampha imene amagweramo, ndi m'mene tingaphunzitsire zimenezi ngakhale pa sukulu yopanda kompyuta.

MAU ATATU OYENERA KUŴADZIŴA

Pali mau atatu a Chingerezi amene tiŵasiya monga alili, chifukwa ndiwo amene ophunzira adzaŵapeze m'mabuku ao. Oyamba ndi class. Tichenjeze ophunzira msanga kuti pano sitikunena kalasi yophunziriramo ayi. Class ili ngati fomu yosadzaza, imene ingosonyeza mipata yoyenera kulembamo. Achiŵiri ndi object, ndiyo fomu ija itadzazidwa ndi mbiri ya mwana mmodzi. Achitatu ndi property, ndiwo mpata umodzi wa pa fomupo, monga dzina, tsiku lobadwa kapena boma. Motero fomu yosadzaza njimodzi, koma mafomu odzazidwa angakhale mazanamazana.

Nzeru imeneyi si ya dzulodzuloli. Idayambira ku Norway, kumene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard adakonza chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Simula 67 m'chaka cha 1967. Zilankhulo zimene zidabwera pambuyo pake, monga Python ya m'chaka cha 1991 ndi Java ya m'chaka cha 1995, zidatengera njira yomweyo.

NJIRA YOSAMUTSIRA

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina ya ku Chimwankhunda pali mafomu a mitundu iŵiri. Fomu ya kaundula ili ndi mipata isanu: dzina, tsiku lobadwa, boma, kholo ndi ndemanga. Fomu ya mayeso ili ndi mipata inayi: dzina, tsiku lobadwa, boma ndi nambala ya mayeso. Mafomu aŵa ngosiyana mtundu, choncho sitingangotenga ina n'kuiika m'malo mwa inzake. Komabe mipata itatu ili ndi maina ofanana.

Mlembi wosamala amachita zinthu zitatu. Amaŵerenga mutu wa mpata woyamba pa fomu yochokera. Amaufunafuna mutu womwewo pa fomu yolandira. Akaupeza amakopera zolembedwazo, akapanda kuupeza amapitirira. Amabwereza chomwecho kufikira mipata yonse itatha. Malangizo omweŵa tingaŵalembe m'chilankhulo cha Python m'mizere inayi yokha:

    def samutsa(gwero, cholandira):
        for mutu, zolembedwa in vars(gwero).items():
            if hasattr(cholandira, mutu):
                setattr(cholandira, mutu, zolembedwa)

Mzere wachiŵiri ukuyenda m'mipata yonse ya fomu yochokera. Wachitatu ukufunsa ngati fomu yolandira ili ndi mutu womwewo. Wachinayi ukulemba. Luso limeneli, loti pologalamu izidzifunsa yokha maina a mipata yake pamene ikugwira ntchito, limatchedwa reflection. Olemba mapologalamu a Java ali ndi zida zokonzeratu zochitira ntchitoyi, monga BeanUtils, ndipo a chilankhulo cha C# ali ndi AutoMapper.

Ubwino wake ngwoonekeratu: ntchito imene mlembi akadaigwira sabata yathunthu, makina amaitha m'kamphindi, osatopa ndiponso osalumpha mzere. Tsono tiyang'anitsitse mzere wachitatu uja. Funso limene makina akufunsa ndi limodzi lokha: kodi mitu ikufanana? Safunsa ngati tanthauzo likufanana. Apa mpamene pagona misampha inayi yotsatirayi.

MISAMPHA INAYI

1. Tanthauzo limodzi, mitu yosiyana. Fomu ina ikalemba kuti "kholo" ndipo inzake ikalemba kuti "womuyang'anira", munthu amazindikira kuti mpata ngumodzi. Makina amangodutsa mwakachetechete, osadandaula konse, ndipo mpatawo umatsala wopanda kanthu. Kusiyana kwa chilembo chimodzi, ngakhale chachikulu ndi chaching'ono, nkokwanira kulepheretsa ntchito. Mankhwala ake ndi kulemberatu ndandanda yosonyeza mutu uti ukugwirizana ndi uti, ndi kuuza pologalamu kuti itchule mipata yonse imene yatsala yosadzaza.

2. Mutu umodzi, matanthauzo osiyana. Uwu ndiwo msampha woopsa, chifukwa fomu imaoneka yodzaza bwino, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Taonani mutu woti "boma". Mwana wokhala ku Chimwankhunda ali m'boma la Blantyre, pamene kwao kwa makolo ake kungakhale ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Ntcheu. Kaundula akafunsa boma lochokera, ndipo fomu inayo ikafunsa boma kumene kuli sukulu, kukopera mpatawo nkulemba bodza. Taonaninso mutu woti "zotsatira". M'buku la malikisi timalemba pa 100, ndipo nambala yaikulu ndiyo yabwino. Pa mayeso a MSCE magiredi amayambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo 1 ndiye wopambana pamene 9 nkulephera. Nambala 2 ikasamuka popanda tanthauzo lake, mwana wokhoza bwino kwambiri asanduka wolepheratu.

Asayansi otchuka nawonso adagwamo mu msampha womwewu. M'mwezi wa Seputembala 1999, chombo cha bungwe la NASA la ku America chotchedwa Mars Climate Orbiter chidatayika chitafika ku pulaneti ya Mars. Pofufuza adapeza kuti pologalamu ina inkapereka nambala za mphamvu pa muyeso wa mapaundi, pamene pologalamu yolandira inkaziŵerenga pa muyeso wa metiriki. Nambala zidasamuka bwinobwino, koma muyeso wake sudali umodzi.

3. Mutu ndi tanthauzo zofanana, kalembedwe kosiyana. Kuno kwathu timayamba ndi tsiku, kenaka mwezi, kenaka chaka. Ku America amayamba ndi mwezi, ndipo makompyuta ambiri amafika atatcheredwa mwa njira ya kumeneko. Choncho 04/05/2012, amene kwa ife ndi 4 Meyi, makina angamuŵerenge kuti ndi 5 Epulo. Dzina nalo lili ndi vuto lake. Fomu ina imayamba ndi dzina la bambo, ina imayamba ndi dzina la mwana. Ngati dzina la bambo lili Phiri kapena Banda, mlembi amazindikira msanga. Koma ana ambiri amatenga dzina loyamba la bambo ao kapena la agogo ao, monga James kapena John, ndipo pamenepo ngakhale munthu sangadziŵe loyamba ndi liti popanda kufunsa. Dzina lotembenuzika pa satifiketi likadzasiyana ndi la pa chitupa cha unzika, chimene bungwe la NRB lidayamba kupereka kwa anthu ambiri m'chaka cha 2017, mwini wake adzavutika nalo pofuna ntchito kapena malo ku koleji.

4. Kusamutsa zosayenera kusamutsidwa. Makina amakopera chilichonse chimene mutu wake wafanana. Mu kaundula, mpata wa "ndemanga" ungasunge zachinsinsi, monga matenda a mwana kapena mavuto a kunyumba. Pa lipoti la teremu palinso mpata wa "ndemanga", umene umaŵerengedwa ndi aliyense wogwira lipotilo. Tikalola makina kusamutsa mosasankha, taulula chinsinsi cha mwana. M'mwezi wa Malichi 2012, katswiri wina adasonyeza kuti malo a pa intaneti otchedwa GitHub ankalandira mpata uliwonse umene munthu watumiza malinga mutu wafanana, ndipo mwa njira imeneyi iye adadzipatsa mphamvu zimene sadayenera kukhala nazo. Kuno kwathu, lamulo loteteza mbiri za anthu la m'chaka cha 2024 likutikumbutsa kuti wosunga mbiri ya munthu ali ndi udindo pa mbiriyo. Njira yabwino ndi kulemba maina a mipata yololedwa kusamuka, ndi kukana ina yonse.

Tionjezerepo chenjezo limodzi lokhudza mbali yoloŵera. M'chilankhulo cha Java muli zida ziŵiri zodziŵika za dzina limodzi loti copyProperties. Cha Apache Commons chimafuna kuti tiyambe kutchula cholandira, gwero pambuyo. Cha Spring chimafuna gwero poyamba, cholandira pambuyo. Wosokoneza ziŵirizi amakopera fomu yosadzaza pamwamba pa yodzaza, nafafaniza mbiri imene amafuna kuisunga. Nchifukwa chake sitiyamba kusamutsa tisanasunge padera kope la zolembedwa zoyambazo.

KAPHUNZITSIDWE KAKE M'KALASI

Phunziroli lingatheke m'mphindi 40, ndipo likuyenera ana a Sitandade 7 ndi 8 ngakhalenso a sekondale amene akuphunzira za kompyuta. Zofunika ndi makadi odulidwa ku makatoni akale, choko ndi bolodi basi.

Poyamba, jambulani pa bolodi mafomu aŵiri aja, ndipo mufunse ana kuti atchule mitu yofanana ndi yosiyana. Gaŵani ana m'magulu a anthu atatu. Woyamba agwire khadi lodzazidwa, wachiŵiri agwire khadi losadzaza, wachitatu akhale "makina". Lamulo la makina ndi limodzi: asaganize, angokopera pamene mitu yafanana chilembo ndi chilembo. Mbiri ya pa makadi ikhale yongopeka. Tisagwiritse ntchito mbiri yeniyeni ya mwana aliyense wa m'kalasimo.

Kachiŵiri, perekani makadi amene mwabisamo misampha inayi ija, gulu lililonse msampha wake. Makina akamaliza, ana aŵiri aja aŵerenge khadi latsopanolo ndi kupeza chimene chalakwika. Pano mphunzitsi adziletse kupereka yankho msanga, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana amene wadzipezera yekha kuti "boma" lili ndi matanthauzo aŵiri sadzaiŵala.

Kachitatu, gulu lililonse likonze lamulo la makina kuti cholakwikacho chisabwerenso, ndipo lilembe lamulo latsopanolo pa bolodi. Pamene pali kompyuta, ana a sekondale alembe mizere inayi ija, aiyese, kenaka aonjezere ndandanda ya mipata yololedwa. Poyesa ngati phunziro lamveka, tisafunse ana kuti atanthauzire mau a Chingerezi aja pamtima. Tiŵapatse mafomu aŵiri achilendo ndi kuona ngati afunsa mafunso oyenera asanayambe kulemba.

MAFUNSO OKAMBIRANA

(a) Pa sukulu imene mukuchitira zoyeserera zauphunzitsi, ndi mabuku angati amene dzina la mwana mmodzi limalembedwamo? Kodi lalembedwa mofanana monsemo?

(b) Pezani mutu umodzi umene uli ndi matanthauzo aŵiri pa mafomu a pa sukulupo. Mungausinthe bwanji kuti usasokoneze?

(c) Ndi mipata iti ya mu kaundula imene siyenera kutuluka mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu?

MAU OMALIZA

Tisanasamutse mpata uliwonse, kaya ndi cholembera kaya ndi kompyuta, tidzifunse mafunso anayi: Kodi mitu ikugwirizana? Kodi tanthauzo ndi limodzi? Kodi kalembedwe ndi muyeso nzofanana? Kodi nkololedwa kuti zimenezi zipite kumeneko? Makina amayankha funso loyamba lokha. Atatu enawo ngathu. Ndipo ntchito ikatha, makamaka pa mafomu a mayeso a Sitandade 8, tiitane mwana aliyense aŵerenge yekha dzina lake ndi tsiku lake lobadwa, kholo lake litsimikize, fomuyo isanachoke pa sukulu.