Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa tsiku la zionetsero

Ngati zionetsero zalengezedwa ndipo ulendo wanu sungasinthike, kukonzekera kuyambe dzulo lake. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa kudakali maola osachepera 48, choncho njira imene anthu adzadutse imadziwika msanga, ndipo wailesi monga Zodiak ndi Times zimailengeza. Dzazitsani mafuta madzulo omwewo, chifukwa zinthu zikavuta malo omwetsera mafuta amatseka, komanso njira zolambalala ndi zazitali. Nyamukani mbandakucha kuti anthu akamasonkhana inu mukhale mutadutsa Nathenje.

Zovuta kwambiri ndi zosalengezedwa zija: mudzi wakwiya chifukwa galimoto yagunda mwana, kapena mavenda achotsedwa pamsika. Izi mumazimvera kwa madalaivala a minibasi ochokera kumene mukupitako. Mukaona kuti kwa mphindi zingapo palibe galimoto yomwe mwakumana nayo pa M1 masana, imani pamalo ogulitsira zinthu mufunse. Safunsa anadya phula.

Msewu wa M1 kudzera ku Zalewa ndi wa makilomita oposa 300, ndipo potulukira pake ndi powerengeka. Kukavuta pakati pa Lilongwe ndi Dedza, tengani M14 ya ku Salima, kenako mutsike ndi M5 kudzera ku Chipoka ndi Golomoti mpaka kufupi ndi Balaka. Kukavuta kutsogolo kwa Dedza, khoterani kumanzere pa Masasa mutsike phiri la Khwekhwerere kukatulukira ku Golomoti komweko. Chitsikirocho ndi chokhotakhota, chofuna giya yaying'ono, ndipo thiraki yolemedwa sindingaiuze kuti idutse kumeneko. Cha ku Lizulu samalani ndi tinjira tafumbi ta kudzanja lamanja. Pamenepo msewu ukuyenda m'malire, ndipo mutha kupezeka muli ku Mozambique mulibe chiphaso cha galimoto.

Poganiza mozama ndi pa Chingeni, pomwe pali geti yolipiritsa. Mukapitirira ndi M1, mwadzipereka ku mlatho wa Zalewa pa Shire, kenako Lunzu, malo odzaza anthu pomwe kutembenuka ndi kovuta. Mukakhotera ku Balaka, muwoloka Shire pa Liwonde, mudutsa Zomba, n'kulowa mumzinda cha ku Limbe. Njirayi ndi yayitali, koma ngati mbiri ya ku Lunzu kapena Chirimba sikumveka bwino, ola limodzi lowonjezeralo ndi lotchipa. Imbani foni kwa wachibale wa ku Blantyre musanadutse getiyo.

Nanga mukangotulukira pakhona n'kupeza matayala akuyaka, miyala itayalidwa pamsewu? Chepetsani liwiro mudakali patali, ndipo pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo pakhale mpata woti mutha kutembenuka popanda kubwerera chambuyo. Tembenukani pomwepo, anthu asanakuzungulireni. Ngati mwachedwa, khomani zitseko, kwezani magalasi, injini isazime, manja akhale pachiwongolero poonekera. Hutala ayi. Kuwajambula anthu ndi foni pamaso pawo ayi, chifukwa amaganiza kuti zithunzizo zikupita kupolisi. Nsalu, chipewa kapena chomata cha chipani chilichonse zisaoneke m'galimoto. Wina akafika pawindo, tsitsani galasi pang'ono mulankhule mwaulemu: achimwene, ndili ndi ana, ndiloleni ndibwerere. Nthawi zambiri pagulu pamakhala wamkulu mmodzi amene anzake amamumvera. Akafuna kangachepe, perekani zomwe munapatula kale m'thumba la malaya, chikwama chisatuluke.

Funso limene madalaivala amakangana nalo m'madepoti ndi lakuti: atanditsekera njira, kodi ndilibe ufulu wongoponda moto n'kudutsa? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikufuna mulimve musanakwere galimoto, chifukwa pakati pa chipwirikiti mutu sugwira. Malamulo oyendetsera dziko lino, ndime 38, amapereka ufulu wochita zionetsero mwamtendere popanda zida, ndipo ndime 39 ikupatsani inu ufulu woyenda. Wotseka msewu ndi moto waphwanya lamulo, zoona. Koma womulanga ndi khoti, osati bampala ya galimoto yanu. Ufulu wodziteteza ulipo m'malamulo athu a milandu, ndipo umaima pa mfundo ziwiri: ngoziyo ikhale yeniyeni ndi ya nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imene mwagwiritsa ntchito ikhale yolingana ndi ngoziyo. Kuchedwetsedwa si ngozi pa moyo. Kutukwanidwa, kumenyeredwa boneti, ngakhale kuswedwa nyali, sizikulolani kugunda munthu. Mukamugunda mwadala n'kufa, mlandu wake ndi wakupha.

Ena amaonera mavidiyo a ku America pa Facebook n'kumati kumeneko dalaivala amaloledwa. Madera ena monga Oklahoma anakhazikitsadi lamulo mu 2021 loteteza dalaivala amene wavulaza munthu mosafuna pothawa chipolowe, koma lamulolo silifika pa Zalewa.

Zinthu zimasintha pamene magalasi akuswedwa, wina akukokedwa kutuluka m'galimoto, kapena petulo akuthiridwa. Pamenepo moyo uli pachiswe, ndipo kuchoka ndi ufulu wanu. Komabe chokani kulowera kumene kuli mpata, pa giya yoyamba, mwa liwiro loti munthu atha kupatuka. Woweruza adzafuna kudziwa ngati munkathawa kapena munkabwezera. Ngati galimoto singasunthe, isiyeni, tengani ana muyende wapansi kulowera kunyumba za anthu. Mfuti kapena chikwanje m'galimoto zimangokolezera moto. Pa 8 Okutobala 2019, anthu atatseka msewu wa ku Mchinji pa Msundwe, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi miyala ali pantchito. Ngati gulu lokwiya linatero kwa munthu wophunzitsidwa kulimbana ndi zipolowe, inu ndi banja lanu musayese kulimbana nalo.

Apolisi akafika n'kuyamba kuponya utsi wokhetsa misozi, tsekani mpweya wolowa kuchokera kunja, ndipo musatsatire galimoto yawo pambuyo, poti miyala imalunjika komweko.

Zikachitika kuti mwagunda munthu pothawa, musaime pagulupo. Pitani molunjika kupolisi yapafupi, kaya pa Dedza, Ntcheu, Balaka kapena Lunzu, mukanene nokha ndi kupempha kuti wovulalayo akathandizidwe msanga. Lamulo la pamsewu limapereka maola 24 okanenera ngozi, koma pankhani ngati iyi musadikire n'komwe. Lembani nthawi, malo, ndi manambala a foni a amene munali nawo m'galimoto, kenako pezani loya musanasayine chikalata chilichonse. Ndipo sabata ino, ulendo usanafike, funsani a inshuwalansi yanu ngati pepala lanu likuphatikiza zowonongeka pa zipolowe. Mapepala ambiri, ngakhale aja otchedwa comprehensive, sazilipira pokhapokha mutawonjezera ndalama yapadera.