Musadinde chala pa chikalata chimene simunachimve

Kuno ku Chikwawa timalankhula Chimang'anja ndi Chisena, koma mapepala olamula ndalama zathu, minda yathu ndi thanzi lathu amabwera m'Chingerezi. Si Chingerezi cha mu Sitandade 8 ayi. Ndi chija cha maloya ndi a mabanki, choti ngakhale mwana wa Fomu 4 akawerenga amangokanda m'mutu. Pepala la ngongole, mgwirizano ndi kampani yogula thonje, chikalata cholowera m'kopaletivu ya nzimbe, botolo la mankhwala opopera, zonsezi zili ndi mawu ouma ngati dothi la makande mu Okutobala, loti khasu limangodumpha. Komabe polowera palipo, chifukwa mawu amene angakupwetekeni ndi ochepa ndipo amabwera omwewo m'mapepala ambiri.

Tiyambe ndi ngongole, poti ndiyo yalanditsa mbuzi ndi njinga zambiri. Interest ndi chiwongoladzanja, izi ambiri timadziwa. Chogwetsa anthu ndi timawu totsatira nambala. Mukakongola K100,000 pa 5% per annum, chiwongoladzanja cha chaka chonse ndi K5,000. Koma pakalembedwa per month, K5,000 yomweyo ndi ya mwezi umodzi, ndipo pomatha chaka yakwana K60,000. Collateral kapena security ndi chikole, ndiye onetsetsani kuti katundu wolembedwapo ndi yekhayo amene mwagwirizana. Default ndi kulephera kubweza pa tsiku lake, ndipo chiganizo chimene muli mawu amenewa chiwerengedwe kawiri, chifukwa ndi mmene mumakhala chilango.

Mawu amene ndimawaopa koposa ndi guarantor. Mnansi amabwera n'kunena kuti mungondisainirako ngati mboni. Mboni m'Chingerezi ndi witness, ndipo ntchito yake ndi kuona kuti munthu wasaina, basi. Guarantor akulonjeza kuti mwini ngongole akalephera kapena akathawira ku Joni, alipira ndi iyeyo. Chibale chambiri chathera pamenepa. Musanalembe dzina lanu, yang'anani mawu amene ali pansi kapena pambali pa mzere.

Za malo ndiye zafika pakhomo penipeni. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikufuna kuti alimi aphatikize minda yawo n'kumalima pamodzi, monga anachitira a ku Phata ndi nzimbe. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegulanso njira yoti banja lilembetse munda wake. Izi ndi zabwino kwa amene akumva zomwe akusaina. Lease ndi kubwereketsa malo kwa zaka zotchulidwa, ndiye funani nambala ya zakazo ndiponso zimene zidzachitike zikadzatha. Sale kapena transfer ndiye kuti malo achoka m'manja mwanu. Irrevocable akutanthauza kuti simudzathanso kubweza mawu, pomwe waive ndi kutaya ufulu umene munali nawo. Samalaninso muyeso: hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, choncho wosaina mahekitala awiri akuganiza maekala awiri wapereka pafupifupi maekala asanu. Funsani kuti pachikalata palembedwa dzina la ndani. Ngati munda ndi wa banja, dzina la mayi lisasowe.

Botolo la mankhwala a mbewu lili ndi chithandizo kwa wosadziwa kuwerenga: mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa pepala lake. Wofiira ndi poizoni woopsa kwambiri, wachikasu ndi woopsabe, kenako wabuluu, ndipo wobiriwira ndiwo wocheperako mphamvu, ngakhale nawonso si wosiya pafupi ndi ana. Mawu awiri osaphonya ndi muyeso wa mamililita pa malita a madzi, ndi pre-harvest interval, kutanthauza masiku oyenera kudutsa kuchokera pamene mwapopera kufika pokolola. Ena amatenga cypermethrin kapena dimethoate wotsala ku thonje, n'kupopera tomato lero, mawa ali naye pamsika wa Dyeratu kapena Nchalo. Kumeneko ndi kudyetsa anthu poizoni. Munthu akamwa kapena kudwala ndi mankhwalawa, nyamulani botolo lomwe popita kuchipatala kuti adokotala adziwe chomwe akulimbana nacho. Pa mankhwala a anthu, Exp ndi tsiku lotha mphamvu, Mfg ndi tsiku lopangidwa.

Nanga pepala likafika mutani? Musasaine tsiku lomwelo. Pemphani kope lanu, akakana lijambuleni pafoni tsamba lililonse, ndipo kukanako kukuuzeni kanthu. Wokuwerengerani asakhale amene wabweretsa pepalalo kapena wodya nawo. Pezani anthu awiri osiyana, monga mphunzitsi ndi mlembi wa kumpingo, aliyense awerenge payekha, muone ngati akunena zofanana. Musalole kuti angoti zili bwinobwino. Akuuzeni m'chinenero chanu zimene mukupereka, zimene mulandire, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso chimene mudzataye zinthu zikavuta. Kenako inuyo mubwereze zomwe mwamva, iwo akukonzeni. Mwana wasukulu angathe kufufuza mawu amodziamodzi mu dikishonale kapena pafoni, koma foni imasokoneza ziganizo zitalizitali za malamulo, ndiye musaidalire pa nkhani ya munda. Malo opanda kanthu papepala adulidwe ndi mzere inu mukuona, kuti wina asadzalembemo nambala yake m'mbuyo.

Zikakula mutu, mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu amadziwa za mankhwala ndi mapangano a thonje, mlangizi wa zaumoyo amadziwa za mankhwala akuchipatala, ndipo za malo mukafunse kwa amfumu ndi ku ofesi ya DC. A Legal Aid Bureau alipo kuti athandize anthu amene sangathe kulipira loya. Kope lanu lisungeni m'jumbo yomanga bwino, pamwamba, pamodzi ndi chiphaso chaunzika, poti madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anapita ndi mapepala a mabanja ambiri. Nkhani ikafika kukhoti, kawirikawiri chala chimene munadinda chimatengedwa ngati umboni woti munavomera zonse zolembedwamo.