Abwana akuti simuthirira, koma mizu mwaiona?

Mnyamata wina wolembedwa ntchito m'dimba la tomato ku Ntcheu akudandaula kuti abwana ake akumunena ulesi. Tomato akufota dzuwa likakwera, masamba achita chikasu, chikhalirecho iye amathirira m'mawa ndi madzulo. Abwanawo awonjezera feteleza koma palibe chasintha.

Achimwene, musalimbane nawo ndi pakamwa. Tengani khasu, mukumbe tomato mmodzi wofotayo, mutsuke mizu yake m'ndowa, iwo ali pomwepo. Mukaona mizu yatupa mfundomfundo, amenewo ndi manematodi, tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa Meloidogyne. Kanyongolotsika kamaboola muzu kakadali kakang'ono, n'kukhazikika m'kati kumayamwa chakudya. Muzu umatupa pomwepo ndipo madzi amalephera kukwera bwino, ngakhale dothi lili lonyowa. Kakakazi kamodzi kamaikira mazira mazanamazana, ndipo nthaka ikakhala yofunda, pomatha mwezi ana ake nawonso amakhala ayamba kuikira. M'dothi lamchenga ndiye tinyongolotsiti timachuluka koopsa.

Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba kapena mtedza. Timeneto n'tothandiza: mukatikanda ndi chikhadabo timathothoka, m'kati mwake mofiirira. Chotupa cha manematodi sichithothoka, chifukwa ndi muzu weniweniwo.

Tomato wogwidwa kale sachira. Mukakolola, zulani ndi mizu yomwe, muumitse, mutenthe. Pamalo pamenepo musabwerezepo tomato, mabiringanya, therere kapena fodya, chifukwa zonsezi manematodi amazikonda. Alimi a fodya amapumitsa minda zaka zingapo ndi udzu wa Katambora Rhodes. Kadimba kakang'ono sikangadikire chotero, choncho gawani mabedi muzisinthasintha mbewu, muthire manyowa ambiri owola bwino, ndipo pogula mbewu funsani yopirira manematodi. Mankhwala a methyl bromide, amene kale ankafukizira nazale za fodya, analetsedwa chifukwa amawononga ozoni mumlengalenga. Mankhwala ena opha manematodi alipo, koma ambiri ndi poizoni wamphamvu. Musavomere kuwathira opanda magolovesi ndi chotchinga kumphuno, ngakhale abwana aumirire.

Mbali imene ili m'manja mwanu ndi nazale. Tinyongolotsiti patokha sitipita patali. Timanyamulidwa ndi mbande, matope a pa khasu ndi pa nsapato, komanso madzi a m'ngalande. Fesani pamalo pomwe sipanalimidwe tomato posachedwa, tsukani khasu pochoka pa bedi lodwala, ndipo mbande zogula pamsika muzizula ziwiri zitatu muone mizu musanapereke ndalama za abwana.